Kam'bulu Kochoka mu Mtima

Lachisanu, 7 Juni 2024

Ndili m'wodi ya amayi pachipatala cha pa boma. Adokotala a m'wodi muno, a Feston, andiuza kuti ndizilemba chilichonse chimene ndingathe, kuti mutu uzigwira ntchito. Amuna anga, bambo a Asiya, andibweretsera kope ndi cholembera.

Ndine Fauzia, zaka 33, mphunzitsi wa sitandade 6. Ndinagwa Lachiwiri m'kalasi. Ndimalemba pabolodi, chofufutira chinapulumuka m'dzanja lamanzere, ndinawerama kuti nditole, osadzukanso. Sindinakomoke. Ndimamva zonse, ngakhale mwana wina amene ankakuwa kuti amadamu agwidwa ndi majini.

Mkono ndi mwendo wakumanzere sizikuyenda. Pakamwa papotoka, mawu akutuluka olemera. Akuti ndi sitiroko. Ayeza BP, ili bwinobwino. Shuga, malungo, kachilombo, zonse palibe. Anamwino akungoti, "Munthu wamng'ono chonchi?"

Amayi abwera kuchokera ku Mwadzama kudzandidikirira. Akugona pansi, pamphasa.

Loweruka, 8 Juni

Masana ndinadandaula kuti andipatsa mpunga wopanda ndiwo. Amayi anangotembenuza mbale, nyemba n'kuonekera. Zinali kumanzere kwa mbaleyo.

A Feston ayang'ana kopeli, andionetsa kuti ndikulemba theka la tsamba lokha, lakumanja. Akuti maso anga ali bwino, koma mbali ya ubongo imene yavulala ndi imene imasamala za zinthu zakumanzere. Ajambula mzere wofiira m'mphepete mwa tsamba lililonse kuti ndiziyambira pamenepo.

Lamulungu, 9 Juni

M'mawa ndinapeza mkono wa munthu pamimba panga. Ndinauza amayi kuti auchotse ukundilemera. Anati, "Ndi wako umenewo." Anatuluka panja, ndikudziwa kuti amakalira.

Bedi lakumanja kwanga pali mayi Keti, a ku Bua, a zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Anabwera ndi ululu wa pachifuwa ndi befu. Salankhula ndi munthu. Amangoyang'ana khoma.

Kunabwera bambo a Asiya ndi mlongo wanga wamng'ono, Fahad, amene amapalasa kabaza. Fahad sanakhale pansi. Anati m'mudzi monse anthu akudziwa amene wachita zimenezi. Amanena Zahra, mkazi mnzanga.

Zahra anakwatiwa ndi bambo a Asiya zaka zitatu zapitazo. Tili mumpanda umodzi, aliyense nyumba yake. Sitili paubwenzi, komanso sitinamenyanepo. Lolemba lapitali kamwana kake kanang'amba makope a ana a sukulu amene ndinabwera nawo kudzachonga. Ndinakalipa, mwina mopitirira. Iye anangoti, "Chabwino, muona." Anthu oyandikana nafe anamva. M'mawa mwake ndinagwa.

Bambo a Asiya anauza Fahad kuti pano ndi pachipatala. Mawu aja akuti "muona" nanenso amandibwerera.

Lolemba, 10 Juni

A Feston anabwera ndi ophunzira anayi. Anandigwira pamkono pomvera kugunda kwa mtima, osachotsa dzanja kwa nthawi yaitali. Kenako anauza ophunzirawo kuti aliyense agwire.

Woyamba anati, "Ukugunda."

"Ukugunda bwanji?"

Anagwiranso. Anati, "Ngati ng'oma ya munthu amene akuphunzira kumene."

A Feston anati ndi zimenezo. Anawauza kuti munthu akabwera atafa ziwalo, tonse timathamangira kuyang'ana mutu, mkono ndi mwendo, koma mtima uziyezedwanso tsiku lomwelo. Anati iwonso anamva zimenezi tsiku loyamba koma amafuna atsimikize ndi makina.

Masana anandimata timawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala lalitali. Akuti zipinda zam'mwamba za mtima wanga sizikupopa, zikungonjenjemera. Anafunsa ngati ndimamva mtima ukuthamanga. Ndinati kuyambira kale. Ndikakwera kuchoka kunyanja kupita kumsika ndimaima panjira kuti ndipume. Pakachipatala kena kolipira anandiuzapo kuti ndi mphumu, ulendo wina anati magazi achepa.

Mankhwala atsopano: atenolo, theka la piritsi m'mawa, wochepetsa liwiro la mtima. Lachitatu ndikupita ku Lilongwe kukajambulidwa mutu.

Lachitatu, 12 Juni

Tapita ndi ambulansi kudzera ku Salima, tabwera lero lomwe. Thupi lonse likuwawa ndi mabampu, koma ndilembe ndisanaiwale.

Anandijambula mutu m'makina ozungulira ngati mgolo. M'mutu simunatayike magazi. Mtsempha wina wakumanja unatsekeka, kachigawo ka ubongo n'kusowa magazi.

Kenako dokotala wa mtima, mayi wamfupi wotchedwa Atikonda, anandiunika pachifuwa ndi makina onga aja ounikira amayi oyembekezera. Anatembenuza kanema kuti ndione. Ndinaona mtima wanga ukugunda, wakuda ndi woyera. Anandilozera kachitseko kamene kali pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi. Kayenera kumatseguka kwambiri, koma kanga kanauma n'kuchepa, kakungotseguka pang'ono ngati kamwa la nsomba. Magazi amachedwa kudutsa, chipinda cham'mwamba chinakula, ndipo magazi akamangokhala malo amodzi amaundana.

"Kam'bulu ka magazi oundana kanachoka apa," anatero akuloza, "kanakwera ndi mtsempha wa m'khosi mpaka mu ubongo. Kumeneko mitsempha ndi yaing'ono, kanakakamira."

Ndinafunsa kukula kwake. Anati mwina ngati njere ya mpunga.

Anafunsa ngati ndili mwana ndinadwalapo zilonda zapakhosi kenako n'kutupa maondo. Ndinati sindikukumbuka. Amayi anali panja. Dokotala anati kachitseko kotere sikawonongeka m'sabata imodzi. Ndi matenda a ubwana amene amasiya chipsera mu mtima, n'kumakula mwakachetechete kwa zaka zambiri.

Ndaphunzitsa sayansi zaka khumi. Mtima ndimauphunzitsa teremu yoyamba, ubongo teremu yachitatu. Sindinauzepo mwana kuti china chingavulaze chinzake.

Mankhwala: asipirini m'mawa, atenolo, lasikisi wochotsa madzi m'thupi. Jakisoni wa penisilini pa masabata anayi aliwonse, kwa zaka zambiri. Wafarini, woletsa magazi kuundana, ayamba ubongo ukapolako.

Lachinayi, 13 Juni

Jakisoni wa penisilini ndi wowawa kwambiri. Ndagona tsiku lonse.

Lachisanu, 14 Juni

Abwera a mafizo, othandiza kuti ziwalo ziyambenso kugwira ntchito, mnyamata wamtali dzina lake Dyton. Andikhazika m'mphepete mwa bedi. Ndimagwera kumanzere osadziwa kuti ndikugwa. Chala chachikulu chakuphazi chagwedezeka pang'ono. Alhamdulillah.

Mayi Keti alankhula lero. Ndinamva azana ya Juma, kuitanira anthu ku mapemphero a Lachisanu, kuchokera kumzikiti wa kumsika, ndinayamba kuswali chogona, mmene ashehe anandiuzira kuti ndi zololedwa kwa wodwala. Nditamaliza iwo anati, "Mwandipemphererako?" Ndinati eya. Anati iwo ndi a Anglikani koma sakana.

Anandiuza nkhani yawo. Mwana wawo Maliko, amene amawasunga, anamira pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Bwato linagubuduzika ndi mwera. Thupi litapezeka anthu anabwera kudzawauza ali kumunda wa mpunga. Pomwepo anamva ngati munthu wawaponda pachifuwa, mpweya n'kutha. Maliro a mwana wawo sanawaone. Anali kale pabedi limeneli.

A Feston atabwera ndi ophunzira anaima pakati pa mabedi athu awiri. Anapempha kaye ngati tikulola kuti anene za ife. Anati mayi Keti mtima wawo unafooka mwadzidzidzi tsiku limene anamva uthenga. Sangatsimikize popanda makina akuluakulu, koma zikufanana ndi matenda odziwika: munthu akadzidzimuka kwambiri ndi chisoni kapena mantha, ubongo umalamula thupi kutulutsa timadzi tofulumizitsa mtima, tikachuluka timaufoola.

"Bedi ili, mtima wavulaza ubongo. Bedi ili, ubongo wavulaza mtima. Mukamafunsa wodwala za pachifuwa, muzifunsanso zimene zachitika kunyumba."

Mayi Keti anati, "Ndiye ndikamanena kuti mtima wanga wasweka, sindikunama?"

"Simukunama, mayi. Koma wotere nthawi zambiri umabwerera mwakale."

"Ubwerere ukatani?" anatero, n'kutembenukiranso kukhoma.

Loweruka, 15 Juni

Nkhani yoipa. Fahad ndi anzake a kabaza anapita kunyumba dzulo bambo a Asiya ali kudoko. Anaswa zenera la Zahra, n'kumuuza kuti ndikafa naye aikidwa tsiku lomwelo. Zahra wathawira kwa makolo ake ndi mwana. Asiya wanga, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene amamuphikira ndi kumuchapira anali Zahra yemweyo chigonekereni ine. Pano ali kwa aneba.

Ndayesa kufotokozera amayi za kam'bulu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Chabwino. Nanga anakatumiza kam'buluko ndani?"

Lolemba, 17 Juni

Idi. Aka n'koyamba kuidyera kutali ndi kwathu. Anthu a kumzikiti anabwera m'wodi ndi nyama ndi mpunga, anagawira aliyense osafunsa chipembedzo. Asiya anabwera atavala diresi latsopano. Anaima patali, akuopa pakamwa panga. Kenako anazolowera, anakwera pabedi n'kumasewera ndi zala zanga zakufa.

Bambo a Asiya anabweretsa bakuli la pilawu. Anati waphika ndi Zahra kwawoko, wati andipatse. Amayi analanda bakulilo kuti akataye.

Mayi Keti anadzuka n'kukhala tsonga. "Mukataye mpunga wa nyama? Bweretsani kuno. Ngati muli mankhwala, andithandiza."

Anadya theka, n'kupukuta pakamwa. Anati mchere wachepa pang'ono koma mtsikanayo amadziwa kuphika. Wodi yonse inaseka. Amayi sanaseke. Chibwerereni, aka n'koyamba kuwaona mayi Keti akudya mokhuta.

Lachiwiri, 18 Juni

Fahad anabweranso, n'kuyamba kukangana ndi bambo a Asiya pafupi ndi bedi langa. Fahad amati banja lithe, anditengere ku Mwadzama, kuli munthu wodziwa kubweza zoterezi. Ndinamva mtima ukuthamanga mpaka m'makutu, thukuta, befu. Anamwino anawatulutsa onse. Anayeza kugunda kwa mtima: 140 pa mphindi imodzi. Anandikhazika chotsamira, a Feston anawonjezera atenolo kukhala piritsi lathunthu.

Anandiuza mosabisa kuti kachitseko kanga sikafuna mtima wothamanga, ndipo mkangano uliwonse umafika pamenepo. Ndinawapempha kuti alankhule ndi abale anga. Anati abwera, koma wolankhula ndikhale ine.

"Ine akandimva anena kuti ndi zachizungu. Inu ndinu mwana wawo, komanso ndinu aphunzitsi."

Ndatuma bambo a Asiya kuti akamutenge Zahra.

Lachitatu, 19 Juni

Ndaima ndi miyendo yanga, Dyton atandigwira lamba kumbuyo. Masana ndinalira popanda chifukwa chodziwika. Anamwino akuti zimachitika pambuyo pa sitiroko, ndiwauze zikapitirira chifukwa nazonso zili ndi chithandizo.

Lachinayi, 20 Juni

Tinakhala pakhonde kuseri kwa wodi, ine pa njinga ya odwala. Panali amayi, Fahad, bambo a Asiya, Zahra ndi malume ake, ndi a Feston ataima chapatali. Zahra waonda. Anandipatsa salamu osandiyang'ana kumaso.

Ndinauza Fahad kuti agwire pamkono pake amve kugunda. Kenako agwire panga. Anagwira nthawi yaitali, nkhope ikusintha.

"Achemwali, ukudumphadumpha."

Ndinajambula mtima papepala monga ndimachitira pabolodi, zipinda zinayi, kachitseko, mtsempha wokwera kumutu. Mawu anga akadali olemera, malovu amatuluka, koma ndinafika kumapeto. Ndinati kachitseko kameneka kanawonongeka ndili mwana, ndi matenda amene amayamba ndi zilonda zapakhosi kenako maondo n'kutupa.

Fahad anati, "Inu munatupapo maondo liti?"

Ndinati sindikudziwa. Amayi ndi amene anayankha, motsitsa mawu.

"Chaka cha njala chija, 2002. Unagona mwezi wathunthu. Bondo ili likaphwa, linatupa linzake, kenako chigongono. Ndinakubereka kumbuyo mpaka kuchipatala ngakhale unali wamkulu. Unachira, ndinayesa zatha."

A Feston anati matenda ake ndi amenewo, ndipo masiku amenewo ana ambiri amachira maondo popanda wodziwa kuti mtima wakhudzidwa. Anati mayi aliyense akanayesa kuti zatha.

Ndinafunsa malume a Zahra kuti mwana wawoyu anabadwa liti. Anawerenga pa zala. Anati chaka cha njala chomwecho, mvula itayamba.

Fahad amayang'ana pansi. Kenako anati, "Nanga mawu aja akuti muona?"

Zahra analankhula koyamba. "Ndimanena kuti ndikawauza bambo akabwera. Ndinawauzadi. Afunseni."

Bambo a Asiya anavomera kuti anawauza, ndipo iwo anangoti za makope a sukulu sizikuwakhudza.

Sindinganene kuti onse akhulupirira. Fahad anachoka osatsanzika. Amayi sanapepese, ndipo sindimayembekeza kuti angapepese kwa mwana wamng'ono pamaso pa anthu. Anangokhala akusisita bondo langa. Malume a Zahra anati mwana wawo sabwerera mumpanda muja mpaka amene anaswa zenera akalikonze ndi manja ake, masana, anthu akuona.

Lachisanu, 21 Juni

Ayamba wafarini, piritsi limodzi madzulo aliwonse, nthawi yofanana. Asipirini asiya. Malamulo ake ndi ambiri. Magazi aziyezedwa pafupipafupi kuti asapyapyale kwambiri kapena kukhuthala. Masamba ndizidya monga mwa nthawi zonse, osati lero mphika wonse mawa osadya. Mankhwala azitsamba ayi. Ndikaona magazi m'kamwa, m'mkodzo kapena chimbudzi chakuda, ndithamangire kuno.

Kenako a Feston anatiitana awiri ndi bambo a Asiya. Anati mimba ingandiphe chifukwa cha kachitsekoka, komanso wafarini amawononga mwana m'mimba. Dokotala wa ku Lilongwe adzaona ngati ndingalembedwe pa mndandanda wa opaleshoni, koma zimatenga nthawi.

Ndakhala ndikufuna mwana wachiwiri zaka zonsezi. Bambo a Asiya anati, "Amene alipoyu akufuna mayi ake." Tasankha njira yolera. Zina ndilemba tsiku lina.

Lolemba, 24 Juni

Mayi Keti atuluka. Anawaunikanso, mtima wawo wayamba kupopa bwino. Mwana wawo wamkazi wabwera kuchokera ku Dwangwa kudzawatenga. A Feston anamuuza kuti asawasiye okha m'nyumba, ndipo awaperekeze kumanda a Maliko akafuna, asawaletse.

Potsanzika anandigwira dzanja lamanzere, osati lamanja. Anati, "Limeneli muzilipatsa moni, lingaiwale kuti ndi lanu." Ndinamva kutentha kwa dzanja lawo. Sabata yatha sindikanamva.

Pabedi pawo agonekapo mtsikana wa malungo.

Lachitatu, 26 Juni

Ndayenda ndi ndodo kuchoka pabedi mpaka pakhomo la wodi. Phazi likukoka pansi. Mkono ukukwera mpaka pachifuwa, zala sizinayambe. Dyton akuti mwendo umafulumira, dzanja limachedwa, ndipo mwina silidzabwerera lonse.

A Feston amuyeza Asiya pachifuwa. Sanamve chachilendo, koma adzamuunika ndi makina dokotala wa mtima akadzabwera kuno. Andiuza kuti akadzangodandaula pakhosi ndi kutentha thupi, ndisadzamugulire panado pagolosale, adzabwere kuchipatala.

Kunabwera a hedi ndi aphunzitsi anzanga awiri. Afunsa ngati anamwino angadzalankhule ndi makolo pasukulu za zilonda zapakhosi, komanso za zizindikiro za sitiroko: pakamwa kupotoka, mkono kugwa, mawu kulemera. Akuti tsiku lija anataya nthawi akundithira madzi ndi kundipemerera, osadziwa kuti amayenera kuthamanga nane. A Feston avomera kupita okha.

Lachisanu, 28 Juni

Magazi afika pamlingo umene akufuna. Akuti Lolemba nditha kutuluka.

Bambo a Asiya akuti Fahad anapita ndi galasi dzulo masana. Analiika mokhota, koma analiika. Zahra wabwerera.

Amayi akufuna ndikakhale ku Mwadzama kuti azikandisamala. Ndawauza kuti sizingatheke. Jakisoni, kuyeza magazi, mafizo, zonse zili pa boma pano. Iwonso mpunga wawo ukadali kumunda, mbalame zikudya. Anati, "Ndiye akusambitsa ndani? Akuphikira ndani?" Yankho akulidziwa. Sitinalitchule.

Lolemba, 1 Julayi

Ndikulemba ndili kunyumba.

M'mawa anamwino anabwera kudzafotokoza za mankhwala kwa amene azindisamala. Anafunsa kuti ndi ndani. Amayi anali atakhala pamphasa, katundu atamanga kale. Zahra anali ataima pakhomo la wodi ndi mwana kumbuyo, osalowa.

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Iwe, tabwera kuno. Maso anga saona timalemba iti."

Zahra anagwada pafupi nawo. Anamwino amafotokoza, iye amabwereza: atenolo ndi lasikisi m'mawa, wafarini madzulo, jakisoni pa 11 Julayi. Amayi anawonjezera zawo. Anati chakudya azindiikira kumanja koma polankhula nane aziima kumanzere, kuti ndizolowere kutembenuka. Anati madzi osamba aziyamba wawayesa yekha chifukwa mbali inayi sindimva kutentha bwinobwino. Anati ndikayamba kukalipa asandiyankhe, ndinabadwa choncho.

"Ndamva, amayi," anatero Zahra.

Galimoto inaima kunja kwa geti. Ndinakana njinga ya odwala. Ndinagwira ndodo kudzanja lamanja, bambo a Asiya ananyamula zikwama. Amayi anabwera kumanzere kwanga monga achitira masiku onsewa, kenako anaima, n'kusuntha.

"Gwira apa, m'khwapamu," anauza Zahra. "Usakoke mkono, phewa lingaguluke. Akamagwa amagwera kwa iwe."

Tinayenda choncho mpaka pageti. Tinachedwa kwambiri, woyendetsa galimoto mpaka analiza hutala. Palibe amene anafulumira.